Ana anandipekera manambala chifukwa cha momwe ndinkachongera malipoti awo

Chaka chimene ndinayamba kuphunzitsa sayansi kwa ana a zaka 11 mpaka 14, mutu wa momwe asayansi amafufuzira zinthu ndinkauona ngati wophweka kuposa yonse m'silabasi. Munalibe masamu ozunguza mutu, munalibenso mayina ataliatali a ziwalo za m'thupi. Ndinalemba tchati chachikulu n'kuchimata kukhoma: funsa funso, nena ganizo lako, yesa, lemba zomwe wapeza, fotokoza tanthauzo lake. Ana analoweza, ndinawapatsa mayeso, ambiri anakhoza bwino, ine n'kumadziona ngati katswiri. Ndikulembera inu aphunzitsi anzanga amene mutuwu uli patsogolo panu, chifukwa zimene zinatsatira zinandidyera pafupifupi theka la teremu, pomwe zambiri mwa izo zinali zopeweka.

Mayeso atadutsa ndinagawa ana m'magulu. Gulu lililonse linayenera kusankha funso lokhudza kakulidwe ka zomera, kuliyesa, kenako kulemba lipoti. Pofuna kuwapatsa ufulu, ndinangoyang'ana mafunso awo okha, ndipo funso likamveka bwino ndinkavomera. Palibe gulu limene ndinalifunsa kuti lindionetse momwe lidzayesere. Timiphika tapulasitiki, dothi, njere za nyemba ndi feteleza ndinagula ndi ndalama za m'thumba mwanga, ndinagawa, basi n'kupita ku mitu ina, poganiza kuti ntchito ikuyenda yokha.

Vuto la zomera ndi loti sizifulumira. Nyemba imatenga masiku angapo kuti imere, ndipo kuti kusiyana kulikonse kuoneke pamadutsa masabata. Cholakwika chochitika tsiku lodzala chimadzaonekera nthawi yobwereza itatha kale. Ndikanadziwa, ntchito yoyamba ya ana ikanakhala yotha m'phunziro limodzi, yoti akalakwitsa abwereze pomwepo belu lisanalire.

Nditadzayendera miphika ija, mtima unandigwa. Gulu lofufuza za feteleza linali ndi miphika iwiri yokha. Wothira feteleza unali pawindo pomwe pamafika dzuwa, winawo unali pansi pa tebulo pakona. Nditafunsa chifukwa chake, mtsikana wina anayankha mosakayika konse: "Aphunzitsi, uwu ndi umene tikuuyesa, ndiye tikufuna ukule bwino." Sankachita zachinyengo ayi. Kwa iye, kuyesa kunali kuchititsa kuti chinthu chitheke, osati kufufuza chimene chikuchititsa. Ana ambiri a msinkhu umenewu amaganiza choncho, ndipo tchati changa cha kukhoma chinalibe mzere ngakhale umodzi wotsutsana ndi maganizo amenewo. Gulu lofufuza za madzi linadzala mbewu yothirira kwambiri mumphika waukulu, yothirira pang'ono mu waung'ono. Gulu lina, lofuna kudziwa ngati nyimbo zimakulitsa zomera, linali ndi mbewu imodzi yokha, popanda ina yoiyerekeza nayo.

Ndinawadzudzula pang'ono n'kuwasiya amalize, poti nthawi inali itapita. Malipoti atabwera ndinadabwa kuona kuti magulu onse anapeza ndendende zimene analosera. Feteleza anakulitsa mbewu, madzi ambiri anakulitsa mbewu, nyimbo nazonso zinakulitsa mbewu. Tebulo la gulu la feteleza linkaonetsa mbewu ikukula sentimita 1 tsiku lililonse, osaphonya, kuphatikizapo Loweruka ndi Lamlungu pomwe kalasi inali yokhoma.

Ndinawaitana ndili wokwiya kwambiri. Anakhala chete nthawi yaitali, mpaka mnyamata wina anati: "Aphunzitsi, mbewu ya feteleza ija inauma kalekale. Tikanalemba zoona mukanatipatsa malikisi ochepa." Ndinafuna kumutsutsa, koma pepala langa lochongera linali patebulo pomwepo, ndipo mzere umodzi unkapereka malikisi ngati zotsatira zagwirizana ndi ganizo loyamba la gulu. Ndinaulemba ndekha. Ana anauwerenga bwino kuposa ine.

Chinandiwawa kwambiri n'chakuti zimene anabisazo ndiye zinali phunziro lenileni. Feteleza akachuluka mumphika waung'ono, mchere wa m'dothi umakwera mpaka madzi amayamba kutuluka m'mizu m'malo molowa, mbewu n'kufota ngakhale dothi lili lonyowa. Komanso nyemba ikangomera imadalira chakudya chosungidwa m'njere momwemo, choncho masiku oyambirira feteleza sasintha zambiri. Ana anaona chinthu choona ndi maso awo, kenako anachifufuta chifukwa chinkaoneka ngati kulephera.

Mu ukali umenewo ndinafufuta malikisi a magulu onse. Makolo ena anabwera kudzadandaula, makamaka a ana amene sanapeke kanthu, ndipo ankanena zoona. Mphunzitsi wamkulu anandiitana, tinakambirana nthawi yaitali, pamapeto ndinabweza malikisi a mbali zina za lipoti. Kwa masabata angapo kalasi inali yozizira: ndikafunsa funso, palibe ankakweza mkono. Silabasi nayo inali itanditaya kutali, moti mutu wina ndinangoudutsa pamwamba popanda ana kugwira chida chilichonse. Ngati mwapeza manambala opeka, yambani mwayang'ana pepala lanu lochongera musanapereke chilango, ndipo musalange kalasi yonse pamodzi.

Amene anandithandiza ndi mayi wina amene anaphunzitsa sayansi zaka zambiri ndisanabwere. Nditawafotokozera zonse, sanandipepese. Anangondifunsa kuti, "Kodi ana anuwo munawaonetsapo kuyesa kolakwika n'kuwauza kuti akupezereni cholakwikacho?" Ndinati ayi. Anati, "Ndiye mumafuna adziwire kuti? Masitepe a patchati chanu chakukhoma chija ndi ndondomeko yolembera lipoti, si njira yoganizira." Anandilangiza kuti ndisiye kaye zomera, ndiyambe ndi masewera a manambala.

Masewerawo anachokera kwa katswiri wa zamaganizo wa ku Britain, Peter Wason, amene anawafalitsa mu 1960. Mumalemba pabolodi 2, 4, 6 n'kuuza ana kuti manambala atatuwa akutsatira lamulo limene lili m'mutu mwanu. Iwo amatchula manambala ena atatu, inu mumangoyankha kuti akutsatira lamulolo kapena ayi. Ana anga anayamba: 8, 10, 12. Inde. 20, 22, 24. Inde. 100, 102, 104. Inde. Onse anafuula kuti lamulo ndi kuwonjezera 2. Nditati ayi, anandiyang'ana ngati ndikuwabera. Anapitiriza kutchula manambala a mtundu womwewo mpaka mnyamata wina wa kumbuyo, mongofuna kuseketsa anzake, anati 1, 2, 50. Ndinati inde. Kalasi inati zii. Kenako wina anayesa 5, 3, 1, ndinati ayi, ndipo pasanapite nthawi anapeza kuti lamulo linali manambala aliwonse atatu okwera. Ndinawauza kuti pa ophunzira a ku yunivesite 29 amene Wason anawayesa, 6 okha ndi amene anatchula lamulo lolondola ulendo woyamba. Zimenezi zinawatsitsa mtima. Tinakambirana kuti "inde" onse aja sanawaphunzitse kanthu, koma yankho limene linatsutsa ganizo lawo ndi limene linatsegula njira. Aka kanali koyamba kuchokera tsiku la malipoti lija kuti ana alankhule momasuka.

Kenako tinapita ku pendulamu: chingwe, nati yachitsulo kunsonga, ndi wotchi yowerengera masekondi. Zida zake n'zosavuta kupeza, ndipo kuyesa kumodzi kumatha m'mphindi imodzi. Funso linali lakuti n'chiyani chimasintha nthawi imene pendulamu imatenga kupita n'kubwera: kutalika kwa chingwe, kulemera kwa nati, kapena kutalika kwa pamene mwaitayira. Akatswiri a zamaganizo Bärbel Inhelder ndi Jean Piaget anagwiritsa ntchito funso lomweli m'zaka za m'ma 1950 pofufuza momwe ana amaganizira, ndipo anaona kuti ana ocheperako msinkhu amasintha zinthu zingapo nthawi imodzi n'kukhulupirira kuti apeza yankho.

Phunziro loyamba ndinawasiya okha, ndikuyembekezera kuti masewera a manambala aja awatsegula maso. Sizinatero. Gulu lina linayerekeza chingwe chachitali chokhala ndi nati yolemera ndi chingwe chachifupi chokhala ndi nati yopepuka, n'kulengeza kuti kulemera ndiko kumachedwetsa. Ndinabwerera kunyumba nditakhumudwa. Pambuyo pake ndinawerenga za kafukufuku wa David Klahr ndi Milena Nigam wa mu 2004 ku America, amene anayerekeza ana osiyidwa kuti atulukire okha luso losintha chinthu chimodzi pa nthawi ndi ana ophunzitsidwa lusolo mwachindunji. Ophunzitsidwa mwachindunji ndi amene analigwira ambiri, kusiyana kwake kunali kwakukulu. Ine ndinkaganiza kuti kuwauza ana chochita ndi kuwapha luntha. Tsopano ndimaona kuti yankho la funso ndi limene ayenera kulipeza okha, koma njira yoyerekezera mwachilungamo ndi yofunika kuwaonetsa poyera.

Phunziro lotsatira ndinapachika mapendulamu awiri kutsogolo, osiyana chingwe komanso nati. Ndinawataya pamodzi, imodzi inatsogola. Ndinafunsa: "Kodi pamenepa tingadziwe kuti chachititsa ndi chingwe?" Ena anati inde, ena ayi, ndinawasiya akangane pang'ono. Kenako ndinafotokoza mosabisa kuti sitingadziwe, chifukwa zinthu ziwiri zasiyana ndipo chilichonse mwa izo chingakhale chochititsa. Ndinasintha nati kuti zifanane n'kufunsanso. Ndinabwereza ndi zitsanzo zina, zabwino ndi zoipa mosakaniza, mpaka ana anayamba kufuula okha kuti "zasiyana ziwiri!" ndisanamalize kupachika. Mawu amenewo anakhazikika m'kalasi mwathu, ndipo anagwira ntchito kuposa tchati chonse chija.

Pendulamu ili ndi misampha yake imene ndikanakonda wina akanandichenjeza. Ana akamawonjezera kulemera amakonda kukoleka nati pansi pa inzake. Akatero amakhala atalikitsa pendulamu osadziwa, chifukwa kutalika kumayezedwa kuchokera pomangirira mpaka pakati pa cholemeracho, ndiye zimaoneka ngati kulemera kwasintha nthawi. Manati azimangidwa pamodzi pamalo amodzi. Msampha wina ndi wa wotchi. Chala cha munthu chimachedwa pafupifupi masekondi 0.2, ndipo pa ulendo wa sekondi imodzi kuchedwa kumeneko n'kwakukulu. Muziwerengetsa maulendo 10 n'kugawa nthawiyo ndi 10. Koma apanso samalani: ana ambiri amanena "wani" pomwe akutaya nati, ndiye amawerenga maulendo 9 okha. Ayambire pa ziro. Chomaliza, auzeni asakokere pendulamu kutali. Ikakokedwa pang'ono nthawi siisintha moti n'kuonekera, koma ikatayidwa chingwe chili chopingasa, pa madigiri 90, nthawi imatalika ndi pafupifupi 18 peresenti, ndipo magulu amayamba kupeza mayankho otsutsana.

Mphindi imene sindidzaiwala inafika pa kutalika kwa chingwe. Chingwe cha mita 1 chinapereka pafupifupi masekondi 2. Ndinawauza alembe m'makope zimene akuyembekezera tikachidula pakati. Pafupifupi onse analemba sekondi 1. Tinayeza, zinatuluka pafupifupi 1.4. Anabwereza, ankaganiza kuti wotchi yalakwa. Zinatulukanso chimodzimodzi. Sekondi 1 inadzapezeka pa masentimita 25. Mtsikana uja wa mphika wa pawindo anakweza mkono n'kufunsa mwamantha: "Aphunzitsi, ndiye tifufute zimene tinalosera?" Ndinamuuza kuti asafufute, alembe pansi pake zimene wapeza, ndipo ndipereka malikisi onse kwa aliyense amene waonetsa zonse ziwiri. Ndinaona nkhope zikumasuka.

Tsiku limenelonso ndi limene anaona kuti kuyeza chinthu chomwecho kangapo sikupereka nambala imodzi. Gulu lina linapeza masekondi 14.1, 14.4 ndi 13.9 pa maulendo 10, n'kuyamba kukangana kuti yolondola ndi iti. Apa ndi pomwe avareji inakhala ndi tanthauzo kwa iwo, pamodzi ndi funso lofunika kwambiri: ngati manambala a chingwe chimodzi akusiyana okha ndi theka la sekondi, kodi kusiyana kwa 0.2 pakati pa nati yolemera ndi yopepuka tingakukhulupirire? Anayankha okha kuti ayi.

Nkhani za asayansi akale ndinazigwiritsa ntchito mwachidule, osati monga mbiri yoloweza koma monga milandu yoti ana aweruze. Ya Francesco Redi wa ku Italy inayenda bwino. Mu 1668 anafalitsa zimene anapeza atayika nyama m'mabotolo, ena otsegula, ena otseka, pofuna kudziwa ngati mphutsi zimabadwa zokha m'nyama yowola. Mphutsi zinapezeka m'mabotolo otsegula okha. Ndinaima pamenepo n'kufunsa ana kuti munthu wotsutsa akananena chiyani. Patapita kanthawi wina anati botolo lotseka likusowa zinthu ziwiri, ntchentche ndi mpweya. Ndiye ndinawauza kuti Redi anaphimbanso mabotolo ena ndi kansalu kopyapyala kolola mpweya koma kotsekereza ntchentche, ndipo nyama ya m'menemo inalibe mphutsi. Ya Jan Baptist van Helmont inawavuta kwambiri, n'chifukwa chake ndimaikonda. Iye anadzala kamtengo ka msondodzi kolemera makilogalamu 2 ndi pang'ono m'dothi louma la makilogalamu pafupifupi 90, n'kumangothirira madzi kwa zaka 5. Mtengo unafika makilogalamu pafupifupi 77 pomwe dothi linachepa ndi magalamu osakwana 60. Anagamula kuti mtengo wonse unachokera ku madzi. Anayeza mosamala, koma sanaganizire za mpweya, momwe zomera zimatengamo kaboni. Ana anadabwa kuti munthu angayeze bwino n'kugamulabe molakwa.

Teremu yotsatira tinabwerera ku zomera, koma ndi malamulo ena. Palibe gulu limene linalandira njere lisanalembe pepala limodzi lonena chimene lisinthe, chimene liyeze ndi chida chanji, zimene zikhale zofanana, ndi chimene lidzaone ngati ganizo lawo ndi lolakwa. Funso lomalizali ndi limene linkawachedwetsa, ndipo ndi limene linachotsa mitu ngati ya nyimbo ija popanda ine kuikana. Mapepalawo ankasinthana pakati pa magulu kuti anzawo apeze zolakwika. Ana amaona zolakwa za anzawo msanga kuposa zawo, ndipo amasangalala nazo, choncho muyenera kuwaphunzitsa kudzudzula pepala osati munthu. Gawo limeneli lokha linatenga maphunziro angapo. Ndinkada nkhawa ndi nthawi, koma linali lotchipa poyerekeza ndi masabata amene ndinataya poyamba.

Mbali iliyonse ya kuyesa inali ndi mbewu zosachepera 10, chifukwa njere zina sizimera ndipo zina zimangokula mofooka popanda chifukwa chooneka. Ndinazindikiranso kuti ana akamagawa okha, mbande zonenepa zimathera ku mbali imene akuikonda. Tinalemba manambala pamiphika n'kuchita maere. Ndinawauza kuti njira imeneyi anaikhazikitsa katswiri wa masamu Ronald Fisher m'zaka za m'ma 1920 pa malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku England, chifukwa cha vuto lomwelo la minda yosafanana chonde. Miphika tinkaisinthasintha malo kuti pasakhale wokhalitsa pawindo. Woyeza kutalika sankauzidwa kuti mphika uli mbali iti: chizindikiro chinali pansi pa mphika. Tinagwirizananso za poyambira rula, pamwamba pa dothi, ndi pothera, pansonga ya tsinde osati ya tsamba. Poyamba aliyense ankayeza mwake.

Pepala lochongera ndinalilembanso lonse. Malikisi ambiri anapita ku kakonzedwe ka kuyesa, ku kope la manambala olembedwa tsiku lomwelo ndi inki, ndi ku kufotokoza zimene manambalawo akulola kunena ndi zimene sakulola. Mzere wa kugwirizana ndi ganizo loyamba unachoka. Makope ndinkawasaina pa tsiku loyeza, osati chifukwa chowakayikira, koma kuti pasakhale mpata wodzaza tebulo usiku womaliza.

Gulu lina silinapeze kusiyana kulikonse pakati pa mbewu zake. Anabwera kwa ine ali okhumudwa, akuti ntchito yawo yapita pachabe. Tinayang'ana limodzi manambala, ndipo anaona kuti mbewu za mbali imodzi zinkasiyana zokhazokha kuposa momwe mbali ziwirizo zinkasiyanirana. Analemba zimenezo, anawonjezera kuti mwina masabata ochulukirapo akanaonetsa zina, ndipo analandira malikisi apamwamba m'kalasi monse. Ndinaliwerenga lipotilo mokweza kuti onse amve.

Sikuti zonse zinakonzeka. Kujambula magalafu kunatenga nthawi yoposa imene ndinaikonzera, makamaka kusankha sikelo ndi kudziwa chimene chipite kumzere wogona. M'magulu ena mwana mmodzi ankagwira zida zonse anzake akuonerera, mpaka ndinayamba kugawa maudindo n'kumawasinthasintha phunziro lililonse. Chovuta kwambiri n'chakuti luso limeneli silisamuka msanga. Pa mayeso a kumapeto kwa chaka ndinafunsa za kusungunuka kwa mchere m'madzi otentha ndi ozizira, ndipo ana angapo amene ankachita bwino pa pendulamu analembanso kuti atakasa kapu ya madzi otentha yokha. Kuchokera pamenepo ndinasiya kuuona ngati mutu wa sabata yoyamba ya chaka. Tsopano mutu uliwonse, kaya wa magetsi, wa kutentha kapena wa mphamvu, ndimauyamba ndi kuyesa kumodzi kolakwika mwadala, kwa mphindi zisanu, ana n'kundiuza chimene chasiyana ndisanapitirire.